Kalata yotseguka: opaleshoni ikatha, wodwala wa kuchigwa cha Shire amuona ndani usiku?

Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Mlembi a undunawu, mabwana oyang'anira zaumoyo m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, aphungu ndi mafumu athu,

Landirani moni. Tikulemba ndife ogwira ntchito m'mawodi, ku fiyeta ndi m'malabu a kuno kuchigwa. Nkhani yathu ndi ya odwala amene opaleshoni yawo ya m'mimba imayenda bwinobwino koma n'kutisiya pa tsiku lachitatu kapena lachisanu, komanso amene amafika pachipatala matenda atalowa kale m'magazi. Onsewa chimawapha n'chimodzi, sepsis, ndiko kuti thupi kuwononga ziwalo zake zomwe polimbana ndi tizilombo. Ndipo zina mwa zimene madokotala akudziwa lero za kupulumutsa munthu wotere zinachokera kwa akatswiri ofufuza opaleshoni ya kapamba. Mwina mudabwa kuti opaleshoni imene sichitika m'zipatala za m'maboma ikuwakhudza bwanji anthu a ku Ngabu ndi ku Bangula. Tiloleni tifotokoze.

Tiyambe tamvana pa dzina. Kumudzi akati mwana ali ndi kapamba, amanena chiwalo cha kumanzere kunsi kwa nthiti, chimene chimatupa malungo akamabwerabwera. Dzina lomwelo timatchulanso chiwalo china chobisika kuseri kwa chifu, chimene madokotala amachitcha pancreas, ndipo ndicho tikunena muno. Chimapanga insulin, yowongolera shuga m'magazi, komanso madzi ogaya nyama ndi mafuta oposa lita imodzi pa tsiku. Madziwa sadziwa mwini wake. Akatayikira m'mimba amagaya chilichonse, mpaka mitsempha ya magazi.

Opaleshoni yaikulu ya chiwalochi imadziwika ndi dzina la Allen Whipple wa ku New York, amene anaifotokoza mu 1935. Amachotsa mutu wa kapamba, chigawo choyamba cha matumbo aang'ono, kathumba ka ndulu ndi mbali ya njira ya ndulu, kenako n'kusoka malo atatu: kapamba ku matumbo, njira ya ndulu ku matumbo, chifu ku matumbo. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, wodwala mmodzi mwa anayi ankafa nayo. Lero m'zipatala zimene zinaizolowera amafa osakwana 5 pa 100. Komatu mavuto ake sanathe ayi. Msoko wa pakapamba umadonthabe, mafinya amasonkhanabe, ndipo odwala anayi kapena asanu mwa khumi amakumanabe ndi vuto lina atachoka ku fiyeta. Nanga imfa zinachepa bwanji?

Funsoli analilondola John Birkmeyer ndi anzake ku America. Mu 2002 anaonetsa kuti m'zipatala zochita opaleshoni ya kapamba mwa apo ndi apo ankafa odwala 16 pa 100, pamene m'zipatala zoichita kawirikawiri ankafa osakwana 4. Anthu anaganiza kuti nkhani ndi luso la manja a dokotala basi. Koma mu 2009 Amir Ghaferi, Birkmeyer ndi Justin Dimick anayerekeza zipatala za imfa zochepa ndi za imfa zambiri pa maopaleshoni osiyanasiyana, n'kupeza kuti mavuto ankachitika mofanana konsekonse, kwa wodwala mmodzi mwa anayi. Chosiyana chinali chimene chinkachitika vuto likayamba: kwina, mwa odwala amene apeza vuto lalikulu ankafa 12 kapena 13 pa 100, kwina 21. Ndiye kuti moyo wa wodwala umatsalira m'manja mwa amene akumuona pawodi, ngati wazindikira msanga ndipo ngati ali ndi pothamangira. Ku Netherlands anapitiriza nazo. Mu kafukufuku wotchedwa PORSCH, wofalitsidwa mu 2022, zipatala 17 zinagwirizana kumayeza wodwala aliyense wa opaleshoni ya kapamba tsiku lililonse motsatira ndondomeko imodzi, yonena nthawi yojambula, nthawi yoyamba mankhwala ndi nthawi yolowetsa chubu chochotsa mafinya. Imfa za m'masiku 90 zinatsika kuchoka pa 5 kufika pa 3 pa 100. Sanabweretse mpeni watsopano kapena mankhwala atsopano.

Kuno ku Africa nkhaniyi ndi yopweteka kuposa. Kafukufuku wa ASOS, amene anatsogolera Bruce Biccard wa ku Cape Town ndipo anatuluka mu 2018, anatsata odwala 11,422 m'zipatala 247 za m'maiko 25. Odwala athu anali achinyamata ndi athanzi kuposa a maiko olemera, mavuto awo anali ocheperapo, koma mwayi wofa pambuyo pa opaleshoni yokonzekera unali wowirikiza kawiri poyerekeza ndi wa padziko lonse. Vuto lofala kwambiri linali tizilombo, ndipo pafupifupi onse amene anafa anafa tsiku la opaleshoni litadutsa.

Sepsis ndi pamene thupi, polimbana ndi tizilombo, liyamba kuwononga ziwalo zake zomwe: impso zimasiya kupanga mkodzo, mapapo amadzaza madzi, BP imatsika, mutu umasokonekera. Mu 2017 inagwira anthu pafupifupi 49 miliyoni padziko lonse ndi kupha 11 miliyoni, ndiye kuti maliro amodzi mwa asanu alionse. Chaka chomwecho mu May, maiko a m'bungwe la WHO, Malawi ali momwemo, anagwirizana kuti aiike patsogolo.

Tayerekezani bedi lakumapeto m'wodi ya abambo, mwezi wa October, kunja kutentha kwadutsa madigiri 40. Pagona mnyamata amene anasokedwa matumbo oboweka ndi tayifodi Lolemba. Lachitatu madzulo akupuma ka 26 pa mphindi, mtima ukugunda ka 118, m'thumba la mkodzo muli timadzi tofiirira tosadzaza kapu chiyambire m'mawa. Gadiyani akumukupiza ndi chikatoni, n'kumauza aliyense wodutsa kuti lero bola, wagona phee. Thupi silikutentha kwenikweni, ndiye papepala la kumiyendo kwa bedi palembedwa 36.8 basi. Kugona pheeko ndi ubongo umene wayamba kusowa magazi, ndipo msoko wa m'matumbo watseguka. Akabwerera ku fiyeta usiku womwewo, mwayi ulipo waukulu. Akadikira ulendo wa madokotala wa Lachinayi m'mawa, impso zikhala zitapita.

Pempho lathu loyamba lichokera pamenepa. Wodwala aliyense wa opaleshoni ya m'mimba, ndi aliyense woganiziridwa sepsis, aziyezedwa maola anayi alionse usana ndi usiku, ndipo woyezayo azilemba zinthu zonse: kupuma kowerengedwa mphindi yathunthu, kugunda kwa mtima, BP, okosijeni wa pachala, kutentha, mkodzo, ndiponso ngati wodwala akudziwa dzina lake ndi kumene ali. Kupuma ka 22 kapena kuposa, BP yam'mwamba ya 100 kapena kutsika, ndi kusokonekera mutu: ziwiri mwa zitatuzi zikapezeka, dokotala aitanidwe nthawi yomweyo. Mkodzo usachepere theka la mililita pa kilo pa ola, ndiye mamililita 30 pa ola kwa munthu wa makilo 60. Kuzizira kwa thupi kosafika 36, makamaka kwa amene ali ndi HIV, n'koopsa kuposa kutentha. Pali ndondomeko yowerengera zizindikirozi yotchedwa UVA, yopangidwa mu 2017 kuchokera ku odwala a m'maiko a ku Africa kuno, ndipo imakwana pa pepala limodzi. Zofunika ndi makina a BP okhala ndi mabatire, kachida koyezera okosijeni pawodi iliyonse, wotchi yapakhoma yoonetsa masekondi, ndi mapepala osindikiza amene sakutha pakati pa mwezi.

Tisakubisireni, kuyeza pakokha sikuchiza. Kafukufuku wachiwiri wa ASOS mu 2021 anayesa kuika odwala oopsa pafupi ndi tebulo la anamwino ndi kuwayeza pafupipafupi, koma imfa sizinachepe, ndipo m'zipatala zambiri ndondomekoyo sinatsatidwe mokwanira. Ife sitikudabwa. Namwino mmodzi wosunga wodi yodzaza usiku wonse sangayeze onse, ndipo akayeza n'kupeza zoopsa, koma woitanidwayo ali ku fiyeta ndi mayi wobereka, nambala ija imangokhala papepala. Chotero tikupempha mabedi anayi kapena asanu ndi limodzi pachipatala chilichonse chochita maopaleshoni, okhala ndi namwino wawowawo, okosijeni wosadalira magetsi a ESCOM okha, ndi dokotala wachiwiri wodziwika dzina amene angaitanidwe usiku. Lamulo lilembedwe poyera kuti namwino akaitana kawiri osayankhidwa, ali ndi ufulu woimbira wamkulu wa chipatala popanda kudzudzulidwa m'mawa mwake. Zotere si zachilendo kwa ife. Njira yosankhira ana odwalitsitsa pamzere, ya ETAT, inakulira ku Queens ku Blantyre isanatengedwe ndi WHO n'kufalikira maiko ambiri.

Pa nkhani ya dripi tikuchondererani kuti musatitumizire malangizo a kunja osasefa. Mabuku a ku Ulaya ndi ku America amati wodwala sepsis alandire mamililita 30 pa kilo m'maola atatu oyamba. Kumeneko kuli makina opumira oti alandire wodwala mapapo akadzaza madzi. Kuno zinayesedwa. Mu 2011 kafukufuku wa FEAST, wa ana oposa 3,000 ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, anapeza kuti ana otentha thupi amene anathiridwa madzi ambiri mothamanga anafa 10 ndi theka pa 100 m'maola 48, pamene amene sanathiridwe motero anafa 7. Mu 2017 ku Lusaka, Ben Andrews ndi anzake anayesa akuluakulu 209, ambiri a iwo ali ndi HIV: otsatira ndondomeko ya madzi ambiri anafa 48 pa 100, enawo 33. Zimene tikupempha kuti zilembedwe ndi kuphunzitsidwa ndi izi: wamkulu apatsidwe madzi a dripi a Ringer's lactate mamililita 250 mpaka 500, woyeza abwerere, amvere chifuwa, awerenge kupuma, aone okosijeni ndi mkodzo, kenako aganize ngati awonjezere. Kupuma kukakwera kapena okosijeni akatsika, dripi ichepetsedwe. Kolera ndi nkhani ina, ndipo tonse tinaiona mu 2022 ndi 2023: kumeneko thupi lataya madzi enieni, ndipo wouma kwambiri amafunika mamililita 100 pa kilo. Wophunzira akasokoneza ziwirizi, mmodzi amamizidwa, wina amauma.

Mankhwala opha tizilombo ayambe m'kati mwa ola limodzi kwa amene BP yagwa. Kwa wamkulu wa vuto la m'mimba, chizolowezi ndi ceftriaxone magalamu 2 ndi metronidazole mamiligalamu 500 maola asanu ndi atatu alionse. Vuto ndi lakuti ceftriaxone wayamba kufooka. Patrick Musicha ndi anzake anaunika magazi amene anabzalidwa (kuikidwa m'botolo ku labu kuti tizilombo timere n'kudziwika) ku Queens kuchokera mu 1998 mpaka 2016. Pakati pa 2003 ndi 2016, bakiteriya wa E. coli wosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone anakwera kuchoka pa osakwana 1 kufika pa 30 pa 100, ndipo bakiteriya wina, Klebsiella, anachoka pa 12 kufika pa 90 pa 100. Klebsiella ndiye amakonda mawodi a opaleshoni ndi a makanda. Popanda kubzala magazi, dokotala wa kuchigwa amangobaya ceftriaxone masiku asanu, asanu ndi awiri, khumi, wodwala akunka nafooka, osadziwa kuti akuthira madzi pamsana pa bakha. Tikupempha mabotolo obzalira magazi, ndi njira yoti afike ku labu tsiku lomwelo. Magaziwo atengedwe jekeseni woyamba asanabayidwe, mamililita 8 mpaka 10 pa botolo kwa wamkulu, khungu litapukutidwa bwino, ndipo botolo lisalowe mu firiji. Njinga zamoto zonyamula magazi a viral load ndi makhololo a TB zilipo kale. Yankho libwere pafoni, ndipo mankhwala a mzere wachiwiri asungidwe pang'ono m'boma lililonse, otulutsidwa pokhapokha labu yanena. Mbali inayo, tisiye kubaya ceftriaxone masiku asanu kwa wa opaleshoni yoyera ngati ya chophuka. Wofunika mankhwala oteteza alandire kamodzi m'kati mwa ola limodzi mpeni usanalowe, basi.

Komanso si sepsis yonse imene ili ya mabakiteriya wamba. Joseph Lewis ndi anzake atafufuza akuluakulu 225 ogonekedwa ndi sepsis ku Blantyre, anapeza kuti awiri mwa atatu anali ndi HIV, ndipo chimene chinapezeka kwambiri chinali TB, kwa mmodzi mwa atatu, kenako malungo. Kuchigwa kuno, kumene udzudzu sutha chaka chonse, wodwala aliyense wotere ayezedwe malungo, shuga ndi HIV pakhomo pomwe. Wa HIV amene wagonekedwa ayezedwe mkodzo ndi kachida ka LAM kofufuzira TB, kamene kamapereka yankho m'mphindi 25 ndipo kanayesedwa ku Zomba Central mu kafukufuku wa STAMP wa 2018. Wa malungo aakulu alandire artesunate mamiligalamu 2.4 pa kilo nthawi yomweyo, pakatha maola 12, ndi pakatha 24. Koma malungo akapezeka tisatseke maso. Munthu wa kuno akhoza kukhala ndi tizilombo ta malungo m'magazi, matumbo ali obowoka.

Mafinya otsekeredwa m'mimba samva jekeseni, amafuna khomo lotulukira. Apanso akatswiri a kapamba anatiphunzitsa kuti khomolo lisakhale lalikulu nthawi zonse. Mu 2010 kafukufuku wa PANTER ku Netherlands anayerekeza kutsegula mimba yonse ndi kuyamba ndi kachubu kolowetsa pakhungu kwa odwala amene kapamba wawo waola. Mavuto aakulu kapena imfa zinali 69 pa 100 kwa otsegulidwa, 40 pa 100 kwa oyamba ndi kachubu, ndipo wodwala mmodzi mwa atatu anachira ndi kachubu kokha. Makina a sikani alipo kale m'zipatala zathu chifukwa cha amayi oyembekezera. Tiphunzitseni ma clinical officer awiri pachipatala chilichonse kuona madzi ndi mafinya m'mimba ndi m'chiwindi, ndipo machubu ake alowe pa mndandanda wa zogulidwa.

Kutupa kwa kapamba kuliko kuno, kungoti kumabisala m'dzina la zilonda za m'mimba. Zoyambitsa zazikulu ndi mowa, kachasu ali patsogolo, ndi miyala ya mu ndulu. Wodwala amamva ululu woopsa pachifu wobooleza kumsana, amasanza, ndipo amapezako bwino akakhala chowerama. Chotsimikizira ndi kuyeza magazi n'kupeza lipase kapena amylase, zogayira chakudya zochokera m'kapamba, wokwera katatu kuposa mlingo wake, choyeza chimene labu ya boma ingathe ngati ili ndi mankhwala ake. Popanda choyezachi zolakwika zimakhala ziwiri: kumubweza kunyumba ndi mapiritsi a zilonda, kapena kumutsegula mimba poganiza kuti matumbo abooka, zimene zimalowetsa tizilombo pamalo pamene panalibe. Chithandizo chake n'chodekha: morphine wokwanira wothetsa ululu, Ringer's lactate mamililita 1.5 pa kilo pa ola, ndiye 90 pa ola kwa wa makilo 60, ndi phala lopanda mafuta akangosiya kusanza. Mu 2022 kafukufuku wa WATERFALL anaimitsidwa panjira chifukwa othiridwa madzi ambiri anadzazidwa nawo 20 pa 100, poyerekeza ndi 6 pa 100, osachira msanga n'komwe. Mankhwala opha tizilombo sayenera kuperekedwa mongoteteza. Amafunika zizindikiro za kuola zikaoneka, kawirikawiri sabata yachiwiri ikadutsa, ndipo wotereyo ndi wotumiza ku chipatala chachikulu.

Chikasu nacho chisamangopatsidwa nzimbe ndi madzi a shuga. Munthu wamkulu wa maso achikasu, chimbudzi chotuwa, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka, thupi loyabwa ndi kuonda, njira yake ya ndulu yatsekeka, mwina ndi chotupa cha pamutu wa kapamba. Alangizi a zaumoyo m'midzi auzidwe kuti wotere ajambulidwe sabata yomweyo. Chikasucho chikabwera ndi kunjenjemera ndi ululu kumanja kunsi kwa nthiti, ndulu yotsekekayo yalowa tizilombo, ndipo iyenera kutsegulidwa m'tsiku limodzi kapena awiri. Abayidwe mankhwala ndi vitamini K mamiligalamu 10, popeza magazi ake saundana bwino, ndipo anyamuke.

Sitikupempha kuti opaleshoni ya Whipple izichitika ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Manambala a Birkmeyer akunena poyera kuti dziko ngati lathu liisonkhanitse pa chipatala chachikulu chimodzi kapena ziwiri, kuti gulu limodzi liizolowere. Koma wodwalayo amabwerera kwawo kuno, nthawi zina chubu chikadali m'mimba. Kalata yomutulutsa inene opaleshoni imene inachitika, tsiku lochotsa chubu, ndi nambala ya foni yoyankhidwa. Wa pachipatala chaching'ono adziwe kuti madzi a m'chubu akasanduka otuwa kapena onunkha, thupi n'kutentha, msoko ukudontha. Adziwenso kuti timagazi tochepa m'chubu kapena m'masanzi, ngakhale titasiya tokha, ndi chenjezo loti madzi a kapamba adya mtsempha, ndipo kutaya magazi kwakukulu kungatsatire m'maola ochepa. Ameneyo sadikira ambulansi ya mawa.

Ulendo wake mukuudziwa. Kuchoka pa Chikwawa kufika ku Queens ndi makilomita ngati 50, koma okwera zitunda zokhotakhota. Kuchokera ku Nsanje ndi pafupifupi 180. Wa ku Makhanga ndi madera a kutsidya kwa Shire, mvula ikakula, amayamba ndi bwato. Madzi osefukira tinawaona mu January 2015, mu March 2019, ndi namondwe Ana mu January 2022 amene anaononganso malo opangira magetsi a Kapichira, ndi Freddy mu March 2023. Magetsi akazima, makina opanga okosijeni amazima nawo. Tikupempha kuti mwezi wa December usanafike chaka chilichonse, zipatala zimene zimadulidwa ndi madzi zikhale zitalandira masilinda a okosijeni odzaza, Ringer's lactate, ceftriaxone, metronidazole, artesunate, makatheta ndi mafuta a jenereta okwanira milungu ingapo. Ambulansi yonyamula wa sepsis ikhale ndi silinda yakeyake ndi namwino kumbuyo, chipatala cholandira chiimbiridwe galimoto isanalize, ndipo mafuta a odwala mwadzidzidzi akhale m'thumba losakhudzidwa ndi maulendo a misonkhano.

Chotsiriza ndi kaundula. Manambala onse amene tatchulawa alipo chifukwa anthu ena anakhala pansi n'kulemba wodwala aliyense, wochira ndi womwalira yemwe. Tikupempha buku limodzi pa fiyeta iliyonse ya kuchigwa, ya boma ndi ya mishoni: opaleshoni yanji, ola limene wodwala anafika, ola limene analowa ku fiyeta, vuto limene linabwera, ola limene linaonedwa, ola limene linachitiridwa kanthu, ndi ngati ali moyo pa tsiku la 30, zimene mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwake angatsimikize. Mwezi uliwonse ogwira ntchito akhale pansi kukambirana imfa iliyonse popanda kuloza chala munthu, chifukwa kukakhala kulozana chala anthu amasiya kulemba zoona. Sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya KUHeS ndi a bungwe lofufuza la Malawi-Liverpool-Wellcome, amene akhala akufufuza za malungo ku Chikwawa kwa zaka zambiri, apemphedwe kuthandiza kuwerengera, ndipo anamwino ndi ma clinical officer osonkhanitsa manambalawo mayina awo azilembedwa pa zotsatira.

Tikupempha kuti mabwana a maboma awiriwa atiitane pamodzi ndi madokotala a opaleshoni a ku Queens mvula isanagwe, tikagwirizane pepala limodzi loyezera, nambala imodzi yoimbira usiku, ndi wodi yoyambira.

Ndife anu pa ntchito,
Anamwino, ma clinical officer, ogonetsa odwala ndi a m'labu a kuchigwa cha Shire